Chitseko cha Bambo Fanwell

Bambo Fanwell, anansi athu kuno ku Budiriro, anagawa anthu onse pawiri: chiswe ndi mphemvu. Chiswe ndi iwowo, ogwira ntchito mwakachetechete monga ankachitira ku famu ya fodya asanasamutsidwe. Mphemvu ndi ife a m'tauni, makamaka mkamwini wawo Takunda, wowotcherera zitsulo ku Workington, amene mlandu wake unali kuvala jekete yonyezimira.

"Taonani zimphemvu za m'ngalandezi," ankatiphunzitsa pamzere wotunga madzi, wowapempha palibe. "Mapiko ngati bwana, ntchito ayi. Koma chiswe chimamanga, mwanangu. Chili ndi mwambo."

Ulemu umenewu sunali wapakamwa pokha. Kuseri kwa nyumba yawo ya lendi kunamera kachulu, iwo n'kukatenga kukhala kawo, monga ku famu kumene chulu chilichonse chinali ndi mwini wake wotcherapo ngumbi. Akazi awo, mayi Lidia, atagula mankhwala ophera chiswe ku Mbare, bambowo anathera onse pa mphemvu. Ati munthu wanzeru sathira poizoni pa ndiwo.

Pakhoma la kuseri komweko panatsamira chuma chawo chokha: chitseko chobiriwira chimene anazula panyumba yawo ya kukomboni ku famu tsiku losamutsidwa, nachisenza pamutu. Anachikulunga m'mapulasitiki, ndipo wochikhudza ankaona zakuda. Ankati nyumba yawoyawo ikadzatha adzalowera pa chitseko chomwecho, chimene ana awo onse anaphunzirira kuimirira atachigwira.

Chaka chino zipinda ziwiri za nyumbayo zinatha. Tinasonkhana kudzaperekeza chitseko, amayi nthungululu zili kukhosi. Bambo Fanwell anamasula mapulasitiki, nachigwira kuti anyamule. Zala zinalowa ngati m'buledi. Amwambo aja anali atadya zonse, koma poti ndi aulemu, penti anawasiyira.

Ndinkafuna kuseka, sindinama. Koma chisoni chinandigwira nditaona nkhalamba itagwada, ikutola mahinjesi m'dothi.

Mphemvu ija, Takunda, inanyamuka. Inakawotcherera chitseko chachitsulo, n'kuikapo mahinjesi akale omwewo.

"Pindai, baba. Lowani m'nyumba mwanu," anatero Takunda.

Analowa, ndipo sukulu ya pamzere wamadzi inatsekera pomwepo.

Mvula yoyamba itagwa, mayi Lidia anakatola ngumbi pachulu paja, zonona bwino, nazikazinga. Bambowo anayang'ana mbaleyo kwa nthawi yaitali.

"Chotsani, mayi," anatero. "Sindingadye chitseko changa."