Njinga yanga yamagiya ndi apongozi a ku Madzimoyo

Njinga ija ndinaigula kwa wamalonda wina amene anaitenga ku Malawi kudzera pa malire a Mwami. Inali yakale, ya matayala akuluakulu okwerera mapiri, ndipo pa phula inkalira ngati chigayo. Ndinaisintha ndi manja angawa. Ndinaika matayala ocheperako, ndinachotsa mahandulo ake owongoka n'kuikapo opindika a njinga yampikisano imene inafera kwa wokonza njinga wa kumsika, chishalo ndinachikweza. Itatha, pa mseu wafumbi wopita ku Tamanda panalibe wondipitirira, kupatula malole a thonje.

Ndinkaikonda, ndipo sindichita manyazi kunena. Loweruka lililonse ndinkatuluka m'Chipata mopanda kolowera. Anthu m'njira akandifunsa kuti ndikupita kumaliro a ndani mothamanga chotere, ndinkati ndikungoyenda. Ankandiyang'ana ndi chisoni.

Mkazi wanga ndiye sankachita nane chisoni. Masiku amenewo, m'zaka za m'ma 1990, makampani ankatsekedwa, ntchito zinkatha ngati makatani, ndipo njinga ya munthu wanzeru inkanyamula makala, chimanga, nkhumba, kapena mayi wodwala kupita kuchipatala. Yanga inalibe ngakhale keliyala.

"Bambo a mwana," anatero tsiku lina, "njinga yosanyamula ndi ya ntchito yanji? Muigulitse, tigule yeniyeni."

Ndinavomera msanga, chifukwa kukana poyera ndi kwa anthu osadziwa banja. Ndinaiimika pakhonde n'kulengeza kwa anzanga kuti ikugulitsidwa.

Ogula anabweradi. Woyamba anali mphunzitsi. Ndinamuuza modandaula kuti magiya akaonongeka, zitsulo zake m'Zambia muno mulibe. Wachiwiri, wogulitsa makala, ndinamuonetsa kuti palibe pomangira thumba, ndiponso kuti mahandulo opindikawo amathyola msana. Wachitatu ndinamunong'oneza kuti mabuleki amagwira akafuna okha. Aliyense ankapita akundithokoza chifukwa cha chilungamo changa. Madzulo ndinkauza mkazi wanga kuti anthu a masiku ano sadziwa chinthu chabwino.

Chimene ndinaiwala n'chakuti zenera la kukhitchini linali pafupi ndi khonde.

Lamlungu lina titaweruka ku Misa, tinapeza bambo a mkazi wanga atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango. Anali atabwera kuchokera ku Madzimoyo pa lole, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Kwathu kuno mkamwini sakhala pampando pamaso pa apongozi, sawayang'ana m'maso, ndipo mawu akuti "ayi" amawasiya m'nyumba. Ndinakhala pansi chapatali n'kuwomba m'manja.

"Apongozi," iwo anatero kwa ine titatha malonje, "mwana wangayu akuti muli ndi njinga imene yakusowetsani mtendere. Akuti aliyense akuikana."

Ndinayang'ana mkazi wanga. Anali kalikiliki kusenda mtedza, nkhope yoyera ngati ya sisitere.

"Ili ndi timavuto, bambo," ndinayankha. "Mabuleki ake..."

"Kwathu n'kwachidikha."

"Zitsulo zake sizipezeka."

"Kuli mnyamata wowotcherera, palibe chimene chimamukanika. Aikanso keliyala, ndi mahandulo a anthu."

Mahandulo a anthu! Zifukwa zonse zimene zinathamangitsa ogula atatu zinali zitandithera, ndipo kunena tsopano kuti njingayo ndi yabwino kukanakhala kuuza apongozi kuti mwana wawo ndi wabodza, kapena kuti wabodza ndine. Za mtengo sindikanayerekeza n'komwe. Munthu amene anakupatsa mkazi ungamutchulire mtengo wa chitsulo?

"Ndati ndikuchotsereni mtolowu," anapitiriza. "Chinthu chokanidwa ndi anthu chisamakhale pakhonde, chimachititsa manyazi banja."

Ndinawombanso m'manja n'kuthokoza. Inde, ndinathokoza. Ndinapita ndekha kukatsitsa chishalo kuti miyendo yawo ifike, ndinapukuta tcheni, ndinawasonyeza kasinthidwe ka magiya maso ali pansi. Iwo anati giya limodzi n'lokwanira, enawo auza mnyamata uja awachotse.

Anapinda buluku, nakwera. Anayamba mokhotakhota mpaka nkhuku zinabalalika, koma pofika pa mpanda anali atawongoka, jekete likuuluka. Mumtima ndinkapempha kuti agwe pang'ono chabe, osavulala, kungoti aiope. Sanagwe. Anazungulira bwinobwino pamseu, nabwerera, naima patsogolo panga.

Ndinaganiza kuti yawakanika.

"Apongozi," anatero, "njinga iyi ikuyenda bwino kwambiri, anthu aja ndi opusa. Nanga pampu yake ili kuti?"

Ndinathamanga kukaitenga.