Tsiku limene ndinabatiza mlongo wanga

Ndikukumbukira kuti ndinalira mokuwa m'tchalitchi pa ubatizo wa mlongo wanga, mpaka amayi ena anayamba kundikutumula malaya poyesa kuti ndalumidwa ndi linthumbwi. Chinandiluma chinali dzina. Abusa atathira madzi pamutu pa khandalo anati, "Tamara." Ine ndinamva "Tamala."

Kwathu kwa Nsamala tinkakhala moyandikana ndi Ayao, ndipo ndinkadziwa kuti kumala ndiko kutha. Njala ya fotenaini inali itangopita ndi ang'ono anga awiri. Tsopano akuluakulu, ali m'zovala zawo za Lamulungu, ankalengeza pamaso pa Mulungu kuti tatha. Ndinali nditangodziwa kuphatikiza zilembo, choncho ndinkadziona ngati munthu yekhayo m'mudzimo amene wazindikira ngoziyo.

Sipanapite nthawi, mwana anatentha thupi. Anasiya kuyamwa, liwombo likugunda ngati pakhosi pa chule. Amayi ankamuitana, "Tamala, Tamala," ine n'kumaona kuti akuitana imfa ndi pakamwa pawo.

Masana ena amayi atazungulira kuseri kukaanula chinangwa, ndinatunga madzi mumtsuko ndi chikho. Ndinawakhuthulira onse pamutu pa wodwalayo. "Kuyambira lero ndiwe Tilipo," ndinatero. Mwana anabanika, maso anatembenuka, kulira osatuluka. Kachetechete ameneyo ndimamumvabe.

Amayi sanandimenye, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa ndodo. Anangomunyamula n'kuthamangira kwa Che Saidi, telala woyandikana nafe, amene anawakweza panjinga ulendo wa kuchipatala cha mishoni. Ine ndinatsala pakhonde, nditakhulupirira kuti ndapha munthu.

Aphunzitsi a sukulu yathu ya m'mudzi anandipeza pomwepo. Nditawafotokozera mwachibwibwi, anakhala pansi pafupi nane.

"Iwe, dzinali si Chiyao iyayi, ndi Chiheberi, chinenero cha anthu a m'Baibulo," anatero. "Tamara ndi mtengo wa kanjedza. Umaima chilili m'dziko louma, n'kumabereka zipatso. Amako anasankha dala."

Ndinamva, koma mantha sachoka ndi tanthauzo. Anachoka tsiku limene amayi anabwera wapansi, kumsana kukumveka kulira kwa munthu wanjala. Anali malungo chabe, ndipo mankhwala anawagonjetsa. Lero Tamara ali ndi zidzukulu, ndipo ine mawu aliwonse achilendo ndimayamba ndafunsa kwawo ndisanawaope.

Patangopita masiku ochepa mwana atachira, Che Saidi anandiitana ndikudutsa pakhonde pawo, phazi lili pa makina osokera.

"Bwera kuno, abusa. Ife pa Chiarabu zipatso za mtengo umenewo timati tamuru, timamasulira nazo swaumu, kusala kudya kwathu, dzuwa likalowa. Ndi dzina lotsekemera. Koma ukadzafuna kubatizanso munthu, uzindiuziratu, ndipope matayala."