Njinga Yakuda ya Che Usumani

Che Usumani ndinawadziwa ndevu zikungomera kumene, atachoka kwawo ku Nayuchi ndi njinga yakuda kudzayamba kabaza pa siteji yathu, pafupi ndi sitesheni ya Balaka. Ine ndinkamata matayala patsinde pa bwemba, choncho zonse zinkachitika ndikuona.

Lamulo la pa siteji linali lakuti njinga ziziima pamzere. Wakutsogolo ndiye ankanyamula munthu, ndipo ukachokapo malo ako atha. Koma Lamulungu opita ku Misa ankawasungira malo, poti oyambitsa sitejiyo onse anali Akhristu. Lachisanu Che Usumani akabwera kumzikiti kokaswali ankayambiranso kumchira. Sanadandaule ndi tsiku limodzi lomwe. Kungoti munthu amene ankapukuta njinga mpaka masipoko kuchita kung'anima analeka, khushoni inang'ambika osaisoka, nthabwala zawonso zinaphwa.

Tsiku lina ndikuwapopera tayala anandinong'oneza. "Amdala, mwezi ukatha ndibwerera kwathu. Pano ndine mlendo."

Ndinakawatsina khutu a Yotamu, atcheyamani a siteji. Anagwira pakamwa.

"Iyayi, ife sitinaganizeko n'komwe! Nanga bwanji osanena?"

"Mlendo angayambe bwanji kutsutsa lamulo la eni bwalo?" ndinatero.

Lachisanu lotsatira, Che Usumani akutulutsa njinga pamzere, a Yotamu anaigwira pachishalo.

"Achimwene, kumzikiti safuna njinga. Isiyeni pompano, pitani wapansi."

Mzere ukasuntha, wakumbuyo ankaikankha njinga yakudayo. Itafika kutsogolo inaima kudikira mwini wake, ena akudutsa pambali. Che Usumani pobwera anaima n'kuiyang'ana. Chester, wakabaza mnzawo wapakamwa, amene anaikankha tsikulo, anakuwa:

"Che Usumani, chinjinga chanuchi kulemera ngati machimo anga! Mwandipemphererako?"

"Akowo ndi ochuluka, Lachisanu limodzi silingakwane," anayankha, kuseka mpaka misozi.

Asananyamule munthu anadza patsinde paja kudzandipempha singano ndi ulusi, nasoka khushoni ija.

Mwezi unatha, ku Nayuchi sanabwerere. Lero imvi zili mbuu, mawondo ayamba kuwawa, koma m'mawa amene amayamba kusesa pa siteji ndi iwo. Lamulungu mukadutsa mudzawaona akukankha njinga za opita ku Misa, imodzi imodzi, yawo ili pambali masipoko akung'anima.