Ndinapita Kukazonda Wodwala Nditanyamula Matenda Ake M'thumba

Lachinayi lapitali ndinachita chifundo chachikulu, ndipo mpaka lero manyazi ake sakundichoka.

Paja kuno ku Mbamba Bay, Lachinayi masana ndi nthawi imene jumuiya yathu imakazonda odwala. Inu akutsidya kwa nyanja mumati mphakati, ife kuno timati jumuiya, koma ntchito ndi imodzimodzi: kupemphera pang'ono, kuimba pang'ono, miseche yambiri. Mayina a odwala amawerengedwa Lamulungu kutchalitchi, ndipo ulendo uno panamveka dzina la a Damiano a ku Chiwanda. A Damianowa ndi msodzi wa usipa, bambo wa ana anayi, ndipo amaimba besi m'kwaya yathu. Makolo awo anachokera ku Nkhotakota ngati anga, choncho ndi mmodzi mwa anthu ochepa amene ndimatha kudandaula nawo za boma m'Chichewa, boma lake osamva.

Potuluka ndinafunsa mayi wina wa m'jumuiya kuti mnzanga akudwala chiyani.

"Akuti thupi kuphwanya, msana, kutuluka thukuta. Timalungo basi."

Timalungo. Inu mukudziwa, ine ndikudziwa, kuti kuno malungo ndi chitenje chimene timafundika nacho matenda aliwonse ochititsa manyazi. Wamenyedwa ndi mkazi, malungo. Matsire a gongo, kachasu wa kuno, malungo. Udzudzu ukanakhala ndi loya bwenzi tonse tili kukhoti. Koma tsiku limenelo ndinakhulupirira, chifukwa a Damiano si munthu womuganizira zoipa.

Mwambo wake mukuudziwa: kwa wodwala sapita chimanjamanja. Amayi anakonza nthochi, ufa wa chinangwa, wina mtolo wa nkhuni. Ine telala wovala magalasi, amene ndimalemberanso nyuzipepala, ndinaona kuti nthochi ndi zachikale. Munthu akumva msana iwe n'kumupatsa nthochi, ndi nyani? Ndinapatukira pa duka la dawa lina, sitolo ya mankhwala, ndipo sinditchula lake, chifukwa ndikatchula limodzi enawo aziyesa ndi oyera.

"Nipe dawa ya mgongo," ndinatero, kupempha mankhwala a msana. "Amphamvu, osati timapanado ta ana."

Mayi wogulitsayo anandifunsa funso limodzi lokha: wodwalayo ndi msodzi? Nditavomera, sanayang'ane n'komwe pa shelefu. Anawerama, n'kutulutsa pansi pa tebulo kapepala ka makapisozi khumi, obiriwira mbali ina, achikasu mbali ina. Kalata ya dokotala sanafunse. Anangoti asodzi amakonda amenewa, ine n'kuthokoza ngati wandichitira ulemu.

Tinafika kwa a Damiano tilipo khumi ndi awiri. Tinawapeza pamkeka pansi pa mtengo wa mango, atafunda bulangeti dzuwa likuswa mtengo, akunjenjemera, thukuta kamukamu, mamina osaleka. Munthu wamphamvu uja amakoka ukonde wa chilimira ngati akukoka ulusi, anali atatha. Ndiye madokotala a jumuiya anayamba ntchito yawo. Wina anati ndi taifodi. Wina anati awiritse masamba a nimu. Mayi wina anayang'ana kunyumba ya aneba nthawi yaitali n'kupukusa mutu, kuti timve tokha kumene matenda achokera. Akazi a wodwalayo, mayi a Rozi, anali pakhomo la khitchini, kulandira nthochi.

Mphatso za wodwala amapereka kwa mayi wa pakhomo, aliyense amadziwa. Koma ine ndinkafuna wodwala adziwe kuti nzeru zachokera kwa ndani. Anthu akutsanzika, ndinawerama n'kuwafumbatitsa kapepala kaja m'manja. Anasuzumira. Maso awo anasintha, ndipo anandigwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Achimwene," anatero monong'ona, "wakutumani ndi Mulungu."

Ndinakwera bodaboda, kabaza wa njinga yamoto, chifuwa chili patsogolo. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ndinkadziona kuti mlendoyo ndine. Kalumo kanali kakuthwadi.

Lachisanu m'mawa ndili pakhonde pamene ndimasokera, ndikulimbana ndi zipi ya yunifolomu, ndinangoona mayi a Rozi atayima. Sanapereke moni wautali. Anamasula pamfundo ya chitenje, n'kuika kapepala kaja pa makina anga. Makapisozi anayi munalibe.

"A fundi," anatero, paja kuno telala amamutchula choncho, "katundu wanu uyu."

Anakhala pa benchi ya makasitomala n'kundifotokozera zonse, mawu ali pansipansi kuti a salooni ya pafupi asamve. Zaka zitatu zapitazo amuna awo anathyoka msana pokoka ukonde, mnzawo wa m'boti anawapatsa kapisozi mmodzi. Ululu unatha, tulo tinatha, mphamvu zinabwera. Mmodzi anasanduka awiri, awiri anasanduka dzanja lodzaza, mpaka zinafika poti opanda makapisozi sangadzuke ngakhale kukasamba. Dzina la mankhwalawo ndi tramado. Mwezi watha anagwa pagombe, kuphupha, thovu kukamwa, ana awo akuona. Zimenezo n'zimene zinawaopsa. Anasiya okha, ndipo zimene tinaona pamkeka paja sanali malungo, linali thupi likulirira mankhwala. Adokotala a pa zahanati, kachipatala kathu kakang'ono, anawauza kuti kusiya wekha n'kovuta ndipo n'koopsa, nawalembera kalata yopita kuchipatala chachikulu kumtunda, ku Songea. Basi yake inali ya Lolemba.

"Anapirira masiku asanu ndi limodzi," anatero mayi a Rozi. "Dzulo lija linali lachisanu ndi chimodzi. Lero adzuka akuimba, adya, apita kugombe. Akuti munthu wochira ku Songea akukatani."



Tsono tiyeni tikambe za boma, chifukwa telala akalakwitsa muyezo amayamba wanena kuti nsalu ndi yoipa.

Pa wailesi takhala tikumva kuti dziko lili ndi ndondomeko yolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo. Kuno amati sera. Mawu ake ndi okoma, sindikukana. Akuti atseke njira zimene mankhwala amalowera, aphunzitse anthu, ndipo amene wakodwa asamaonedwe ngati chigawenga koma ngati wodwala wofunika chithandizo. Pamenepo ndinawombera m'manja ndekha pa makina. Koma mukamvetsera bwino, munthu amene sera imeneyi ikumuona m'maganizo mwake ndi mnyamata wa mumzinda waukulu, watsitsi losapesa, wobaya jakisoni kuseri kwa msika. Kuno oterowo amati mateja. Ife a kunyanja tikamva zimenezo timapuma bwino, kuti ayi, si za kwathu.

Nanga bambo woimba besi, wa ana anayi, amene sanagwirepo ndudu ya chamba? Ameneyo sera ikumudziwa dzina? Mankhwala ake sabwera usiku pa bwato la akatangale. Amabwera pa basi, m'katoni, ali ndi chidindo. Amagulitsidwa ndi mayi waulemu wovala kolona m'khosi, ndipo amaperekedwa ndi telala wovala magalasi.

Chimene tazolowera kuona ndi chionetsero. Akuluakulu amabwera ndi masikipa atsopano olembedwa mawu, ana asukulu amaguba, pali chikwangwani, pali soda. Kapena timaona pa kanema akuotcha mulu wa chamba, mabwana atandanda kumene utsi ukupita, akumwetulira kuposa mmene ntchitoyo ikufunira. Kuotcha chamba n'kokoma kujambula. Kuwerama n'kusuzumira pansi pa tebulo la duka la dawa sikutuluka bwino pa chithunzi, choncho sindinaonepo akuchita.

Ndipo chithandizocho chili kuti? Kumtunda. Chilichonse chabwino m'dziko muno chili kumtunda, ife kuno kumunsi tinapatsidwa nyanja ndi kutentha. Munthu akunjenjemera, m'mimba mukutseguka, akwere basi yokhotakhota m'mapiri muja, akagone kwa achibale amene alibe, asiye boti limene malo ake wina alowa mawa lomwe. Kumeneko n'kuuza munthu wothyoka mwendo kuti ndodo zilipo, akatenge pamwamba pa phiri. Adokotala athu a pa zahanati anachita zimene akanatha, analemba kalata. Koma bwanji osawaphunzitsa ndi kuwapatsa zofunikira kuti ayambe kuthandiza munthu konkuno, pafupi ndi mkazi wake ndi ukonde wake? Nanga munthu wa ku Mbaha kapena ku Kihagara, amene ngakhale kufika kuno kokha ndi ulendo?

Eya, boma ndalinena, mtima wapepukako. Tsopano nsalu ndaisiya, ndibwerere ku muyezo.

Boma likhoza kulemba m'buku kuti munthu wotere ndi wodwala. Koma amene amagamula kuti uyu ndi wodwala kuno kwathu si nduna ayi. Ndi ife a Lachinayi masana. Wodwala ndi amene timamupitira ndi nthochi. Ndipo tili ndi mndandanda wathu wa matenda oyenera nthochi: malungo, shuga, kuthamanga magazi, ngozi ya bodaboda. Matenda a a Damiano pamndandandapo palibe. Amenewo timawatcha uchitsiru, kapena kudzifunira, kapena ziwanda tikakhala kuti tadya bwino ndipo tili ndi chifundo. Aneba athu a Chiswahili amati mficha maradhi kifo humfichua, wobisa matenda imfa idzamuulula. Timaunena mwambiwu mokoma kwambiri pamaliro, osafunsa kuti anamuphunzitsa kubisako ndani.

Taganizani. Anthu khumi ndi awiri, akuluakulu a mpingo, tinakhala mozungulira munthu ola lathunthu, tinamuimbira nyimbo zitatu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anadziwa chimene tikupempherera. Mulungu yekha ndiye ankadziwa, ndipo ndikhulupirira ankatiyang'ana modabwa. M'mudzi mmene matenda alibe dzina, aliyense amabweretsa mankhwala a matenda amene waganiza. Wa nimu sanapweteke munthu. Ine ndinapweteka.

Lachisanu lija, mayi a Rozi atatha kufotokoza, ndinachita zimene mwamuna aliyense wolakwa amachita. Ndinafunafuna pothawira.

"Koma mayi a Rozi, inunso bwanji osatiuza? Mukananena zoona Lamulungu lija, ine ndikanagula zimenezi?"

Anandiyang'ana, osakwiya, ndipo kusakwiyako n'kumene kunandipweteka.

"Ndikananena, a fundi, mukanabwera?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti inde. Kenaka ndinakumbukira mmene ndinasekera chaka chatha mwana wa mnzathu wina atayamba kuyankhula yekha pamsika chifukwa cha chamba. Ndinamutcha dzina loseketsa, ndipo dzinalo linagwira, anthu akumutchula nalo mpaka pano. Kwawo sindinapiteko. Mayi a Rozi analipo tsiku limene ndinapeka dzinalo, ndipo iwonso anaseka, ali ndi zawo mumtima.

"Ndinkafuna amuna anga aone anthu," anatero akudzuka. "Masiku asanu ndi limodzi ali yekha ndi ine. Ndinati akaona a jumuiya alimba mtima mpaka Lolemba. Nthochi za malungo ndi nthochi ndithu."

Lamulungu lapitali mayi ameneyu anachita chinthu chimene ine ndi magalasi angawa sindikanatha. Anakambirana ndi amuna awo Loweruka, makapisozi atatha mphamvu, manyazi atabwerera, ndipo a Damiano anavomera. Pamsonkhano wa jumuiya titatuluka m'tchalitchi, anaimirira n'kunena matendawo ndi dzina lake lenileni. Anapempha kuti tipitenso Lachinayi. Wina anayamba kufunafuna tsamba m'buku la nyimbo, wina anakumbukira kuti anasiya nyemba pamoto.

Lolemba ndinalawirira kokwerera basi. Mayi a Rozi analipo ndi kachikwama ndi kalata ija m'manja. Tinadikira mpaka kondakitala anatopa kuimba belu. A Damiano sanabwere. Akuti anafika panjira n'kubwerera, kuti ayesenso okha kaye, ndipo kuwerenga masiku kwayambiranso pa limodzi. Kalatayo mayi a Rozi anaipinda bwinobwino n'kuibwezera m'chikwama. Basi ya ku Songea iliponso Lolemba likubwerali, ndipo ndawauza kuti a Damiano akavomera ndikwera nawo, nditseke makina masiku awiri. Kaya avomera, sindikudziwa. Masiku asanu ndi limodzi aja ndinawadya ndine, ndipo alibe powagula.

Makapisozi asanu ndi limodzi otsala aja ndinakawasiya kwa adokotala a pa zahanati, ndipo ndinawauza kumene ndinagula. Mayi wa duka uja tsopano sandipatsa moni. Zikomo, moni wake ndinaulawa kale.

Mawa ndi Lachinayi. Ndazungulira makomo onse a anzanga khumi ndi mmodzi aja kufunsa amene tipitire limodzi ku Chiwanda. Wina mwendo, wina alendo, wina wadzidzimuka kuti ali ndi timalungo. Inu amene mukuwerenga ndi kupukusa mutu, mukuti anthu a ku Mbamba Bay ndi ouma mtima, tandiuzani: pa mndandanda wa kwanuko, matenda amenewa alipo? Mukanabwera?

Ine ndagula kale mkoko wa nthochi, wakupsa bwino. Mpaka pano opita tilipo awiri, ine ndi nthochizo.