Mwamuna wa Paraschiva pa Khoma la Chiweruzo

M'mudzi wa Brădet, kumapiri a Bucovina, munalibe munthu wodziwa za ku gehena kuposa Mayi Paraschiva Moroșan. Tchalitchi cha m'mudzimo n'chojambulidwa kunja konse, kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo khoma la kumadzulo lili ndi Chiweruzo Chomaliza: angelo uku, mtsinje wa moto uko. Paraschiva ankagulitsa makandulo pachipata, ndiye khomalo analiloweza ngati dimba lake. Za angelo analibe nazo ntchito. Iye ankadziwa ochimwa, ndi maina awo omwe: uyu ndi wachigayo, uyo ndi mkazi wa wapositi.

Koma pansi penipeni, pamene chiwanda chikukoka munthu ndevu, panali mwamuna wake, Gavril. Mphuno yokhota yomweyo, diso limodzi lotsinzina ngati akusuzumira m'botolo. Zoti chithunzicho chinajambulidwa zaka mazanamazana Gavril asanabadwe, Paraschiva sizinkamuvuta.

"Amene anajambula apa ankaona patali," ankatero. "Bwerani, alendo, mudzaone bambo a kunyumba kwanga. Malo anasungitsa kale!"

Gavril naye podutsa ankavulira chipewa mnzake wa pakhomayo. "Kumeneko ndiye kofunda, mkazi wanga," ankayankha. "Komanso iweyo kulibeko." Akatero ankazemba kukamwa kachasu wa mapulamu, osatsanzika, monga mwa masiku onse.

Gavril anamwalira m'nyengo ya chisanu. Atamuika m'manda ndi pamene Paraschiva anazindikira kuti m'nyumba monse munalibe chithunzi chake, poti kamera munthuyo ankaithawa ngati ntchito. Mitanda ya pamanda a anzake inali ndi zithunzi za nkhope zawo, wake unali ndi dzina lokha.

Ndiye mayi wopemphera uja anayamba kuyatsa kandulo m'mawa uliwonse pansi pa mtsinje wa moto, pamapazi pa chiwanda. Wansembe, Bambo Ilarion, anamudandaulira kuti akhristu akung'ung'udza.

"Akung'ung'udza? Nawonsotu alipo apa, Bambo. Ndiwaloze?"

Nkhani inathera pomwepo.

Kenako kunabwera akatswiri ochokera ku mzinda wa Suceava kudzatsuka khomalo, ndi makwerero awo ndi timathonje. Wamkulu wawo, mtsikana wotchedwa Ruxandra, anafotokoza mwaulemu kuti nkhope zina za m'munsi si zakale ayi. Munthu wina wa dzanja lolemera anadzapaka utoto wake pamwamba, ndipo umenewo uchoka.

"Chotsani wachigayoyo, mwanangu. Uyu musamukhudze."

"Amayi, ife tikungobweza amene analipo."

"Amene analipo ndi ameneyu! Ine ndagona naye nyumba imodzi, inu mwabwera dzulo."

Paraschiva anawatengera tchizi, anawatengera mazira, mpaka botolo lomaliza la malemu. Akatswiri anadya, anathokoza, n'kupitiriza ntchito. Paraschiva anakagwada kwa wansembe kupempha kuti mwamuna wake asiyidwe ku gehena. Bambo Ilarion anakanda ndevu, nati pempho lotere sanaliphunzire ku seminale.

Tsiku lochotsa makwerero mudzi wonse unabwera. Mtsinje wa moto unali psuu, ngati auyatsa dzulo. Chiwanda chinalipo, chonenepa bwino. Koma ndevu zimene chinkakoka zinali za munthu wachilendo, wa mphuno yowongoka, maso onse awiri ali tong'o.

"Makandulo aja agwira ntchito, Mayi Paraschiva!" anaseka wachigayo, amene nkhope yake inatsala pakhomapo pomwe inali. "Gavril amumasula!"

Anthu anafa nalo phwete. Paraschiva anayang'ana khomalo nthawi yaitali, kandulo ili m'manja, osadziwa poiika. Mtima unamuwawa kuposa tsiku la maliro.

"Chidakwa iwe," anatero chapansipansi. "Ngakhale kumoto wachokako osanditsanzika."