Ndinasiyira malume thirakitala ya abwana

Ndinataya ntchito ndi nyumba m'mawa umodzi chifukwa choopa kukaniza munthu wamkulu. Inu owerenga, makamaka inu amene mumalandira abale kuno ku London, imvani zimene zinandigwera.

Ndinkagwira ntchito kwa mzungu wina woweta mahatchi kunja kwa Romford, kumene nyumba zimathera n'kuyamba minda. Abwanawo anatipatsanso kanyumba pamalo pomwepo, momwe tinkakhala ine, mkazi wanga ndi ana athu awiri. Chipale chofewa chikagwa, inali ntchito yanga kuchichotsa mumsewu wolowera kunyumba kwawo, pogwiritsa ntchito thirakitala yaing'ono yokhala ndi chikhasu chachitsulo kumbuyo. Anandiphunzitsa kuti chikhasucho ndizichitembenuza kuti chizikankha ndi msana, komanso ndisamachitsitse mpaka pansi, chifukwa mumsewumo munali timiyala ndi zivundikiro zachitsulo za mapaipi a madzi.

Chaka china malume anga anabwera kudzacheza kuchokera ku Zimbabwe. Makolo athu anachoka ku Malawi kalekale kukagwira ntchito m'mafamu a kumeneko, ndipo malumewa anakalambira pathirakitala, akusalaza misewu ya pafamu. Ndi iwo amene anandilera bambo atamwalira.

Tsiku lina tinadzuka kunja kuli mbuu, abwana ali paulendo. Nditangoliza thirakitala, malume anatuluka atavala jekete langa. Atayang'ana chikhasu chija anaseka mopukusa mutu.

"Mphwanga, anakuphunzitsa ndani kumanga khasu chagada? Tsika ndikuonetse ntchito."

Ndinkadziwa kuti akulakwitsa. Ndinkadziwanso kuti mlendo wobwera kudzacheza saloledwa kugwira ntchito m'dziko lino. Koma ndikanawakaniza bwanji? Munthu amene anandigulira nsapato yanga yoyamba, ndimuuze kuti sadziwa thirakitala, mkazi wanga akumva? Ndinatsika. Chondiwawa kwambiri n'chakuti ndinawathandiza kutembenuza chikhasucho ndi manja angawa.

Anachitsitsa kuti chilume pansi monga ankachitira pakatondo wa kufamu. Timiyala ta abwana tinayamba kukokoloka pamodzi ndi chipale, ine n'kumangoyenda pambuyo ngati mwana woperekeza ngolo. Asanafike pageti, chikhasu chinakola chivundikiro chimene sichinkaoneka, n'kuchizula pamodzi ndi paipi yopita kukhola la mahatchi. Madzi anathamanga msewu wonse mpaka m'khola, ndipo pofika madzulo anali ataundana gwa. Hatchi imodzi inaterereka n'kuvulala mwendo.

Abwana atabwera anangofunsa kuti ankayendetsa ndani. Ndinati ndine. Ndinkaopa kuti ndikatchula malume, nkhani ifika kwa oona za olowa m'dziko. Abwana sanakalipe. Anangoti anandiphunzitsa okha, ndiye ngati ndinachitira dala zosiyana ndi zimene anandiuza, sangandisiyirenso ziweto zawo. Ntchito inathera pomwepo, kanyumba kaja n'kupita nayo limodzi.

Malume anaimirira pambali panga nthawi yonseyo, osaulula kuti ankayendetsa ndi iwo. Titalowa m'nyumba anangoti azungu amakwirira mapaipi pamwamba kwambiri.

Lero tikukhala m'chipinda chimodzi ku Woolwich, anthu anayi. Ana anasintha sukulu pakati pa chaka. Mkazi wanga satchula nkhaniyi, koma sindikumbukira tsiku limene anandisekerera komaliza. Mwezi wathawu mlongo wanga anandiimbira foni kuchokera kumudzi. Akuti malume, chibwerereni kwawo, akuuza anthu kutchalitchi kuti anandichotsa ntchito chifukwa sinditha kuyendetsa thirakitala, ndipo iwo anayesetsa kundiphunzitsa koma mutu wanga ndi wouma.

Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Awa agonera, koma akuwawabe.

Inu owerenga, lemekezani akulu anu. Apatseni mpando wabwino, alandireni ndi manja awiri. Koma akafuna kukhudza chinthu chimene chimadyetsa ana anu, akanizeni, ngakhale akutcheni wamwano. Mwano wanu adzaukamba sabata imodzi. Ine ndinasankha ulemu, ndipo ana anga akugona pansi.