Manja Oletsedwa Kunyamula Mwana

Ndinapita kuchikamwini ku Chidzolomondo ndili ndi khasu limodzi, bulangeti limodzi ndi chikanga. Khasu ndi bulangeti anazilandira bwino. Chikangacho, matenda a khungu amene ndinakula nawo kwathu ku Ntengo-Wambalame, chinadikira nyengo yozizira kuti chidzionetse. Kukazizira manja anga amauma, kuyabwa ndi kung'ambika, ndipo ndikayamba kukanda ndimaiwala kuti pali anthu.

Apongozi anga aakazi anawapima matendawo ali patali, poti mwambo suwalola kuyandikana ndi mkamwini. Anagamula kuti ndi mphere, ndipo mphere ndi uve. Sanandiuze ine. Ankauza mkazi wanga mokweza, ine ndili pomwepo ndikusankha fodya.

"Amuna akowa madzi amawadziwa? Kwawo kozizirako amasamba pa Natale pokha, tsiku la Khirisimasi."

Ndinapsa mtima, ndipo mkwiyowo unandipusitsa. Ndinayamba kusamba katatu patsiku ndi sopo waufa wochapira zovala, n'kumadzikhula ndi mwala wotsukira zidendene. Ndowa ndinkadutsa nayo dala pakhomo pawo kuti aone. Khungu linayamba kutuluka magazi. Apo mudzi wonse unasanduka madokotala. Wina anati oili wakuda wa njinga yamoto, wina phulusa, mkulu wa mpingo anati ndiulule machimo. Ndinayesa zonse kupatula kuululako, poti tchimo lomwe ndinali nalo linali lofunira apongozi zoipa.

Zonsezi ndikanapirira. Koma mwana wathu woyamba, wamkazi, atatuluka m'chikuta, lamulo linabwera lakuti manja amenewo asamukhudze. Miyezi itatu ndinkangomuyang'ana ngati katundu wa m'sitolo. Ankamunyamula aliyense, ngakhale mlamu wanga amene amamina ndi zala n'kupukutira pamalaya, koma ine bambo wake ayi. Zinandiwawa kuposa zilonda, ndipo tsiku lina ndinakalirira m'chigafa cha fodya.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga mpaka kuchipatala. Anamwino, bambo wotopa wochokera ku Tete, anayang'ana manja anga n'kupukusa mutu.

"Mwakhala mukuchapa manja kapena matumba a adubu, feteleza uja? Si mphere izi, n'chikanga. Sichipatsirana, chimayenda pamtundu. Sopo waufayo ndi mwala musiye. Sambani kamodzi ndi madzi ofunda pang'ono, pakani vazelina khungu lisanaume, mankhwala a pomada awa pomwe pafiira. Zikhadabo wengani. Pronto, basi."

Ndinabwerera ndi uthengawo monyada. Apongozi ataumva anauza mkazi wanga kuti, "Boma lawauza kuti asamasambe? Ndiye apeza dokotala wa pamtima pawo."

Manja anayamba kupola, koma lamulo linakhalabe.

Kenako masaya a mwana anafiira n'kuyamba kukhakhala. Ankadzikhula pansalu ya amake, akulira osalekeza. Ndinazindikira msanga kuti n'chikanga ndipo ndinamva chisoni, pakuti ndinkadziwa kuyabwa kumene kamwanako kankalephera kunena. Apongozi anati ndinamugwira mobisa. Mkazi wanga, amene anali asanawayankhepo chibadwire, anati, "Amayi, mwanayu akachoka kumsana kwanga amapita kwanu. Anamugwira liti?"

Apongozi anatenga sopo ndi chinkhupule kuti akamukhule mwanayo monga ndinkadzikhulira ine. Pamenepo mwambo ndinauiwala. Ndinaima patsogolo pawo n'kuwayang'ana m'maso koyamba.

"Amayi, chimene munkaopa kuti ndimupatsa ndinamupatsa kale asanabadwe. Ndipatseni mwana wanga."

Anamuika pamphasa pakati pathu, poti kupatsana chinthu m'manja ndi mkamwini n'kosatheka ngakhale zitavuta bwanji. Ndinamutola. Anali wolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinamupaka vazelina m'masaya pang'onopang'ono mpaka kulira kunachepa. Anagwira chala changa chokhakhalacho n'kuchiika mkamwa.

Apongozi anatembenukira kwa mkazi wanga, koma ulendo uno analankhula chapansipansi.

"Uwafunse, amapaka kangati patsiku."